Zitseko za Msika wa Njerwa Zofiira

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, titangochoka ku Zomba kudzakhala ku Alexandria, m'dziko la America. M'kalasi ndinkangoti zii ngati mkamwini watsopano, kuopa kuti anzanga aseka Chingerezi changa. Ndiye aphunzitsi anatipatsa aliyense munthu wakale woti tikamufufuze, tidzafotokoze za iye pamaso pa kalasi yonse. Ine anandipatsa katswiri wojambula mapulani a nyumba wa m'zaka za m'ma 1800, amene anajambula msika wina wa njerwa zofiira ku Washington.

Ndinaganiza zongokopera pa intaneti n'kuloweza. Koma Loweruka kunabwera Ankolo Mwanza, bambo a ku Chipata amene tinkapemphera nawo, omwe ankagwira ntchito ya zomangamanga. Atawerenga pepala limene ndinakoperalo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Tadala, msikawu unauonapo?"

"Ayi, ankolo. Koma chithunzi ndili nacho."

"Chithunzi chimanunkha nsomba? Vala nsapato, tiye."

Tinakwera sitima ya Metro. Titafika, ankolo anandiuza kuti ndigwire khoma. Njerwa zinali zofunda ndi dzuwa, zokhakhala ngati chikhatho chawo. Anandiuza kuti katswiri wojambula uja anayamba ngati kalipentala, ankadziwa kulemera kwa thabwa asanagwire pensulo. Kenako anandifunsa chifukwa chake msikawo unali ndi zitseko zambirimbiri, mawindonso ali m'mwamba.

Sindinadziwe. Anandikankhira kwa mayi wina wogulitsa nyama kuti ndikafunse ndekha. Ndinapita n'kufunsa. Mayiyo anapukuta manja n'kunena kuti zitsekozo n'zoti ogula azilowera mbali zonse, wogulitsa aliyense apezeko makasitomala, ndipo mawindowo amatulutsa fungo ndi kutentha. Sanaseke Chingerezi changa. Anandipatsanso soseji yowotcha.

Lolemba ndinaiwala zonse zoloweza zija. Ndinangofotokoza za njerwa, za mayi uja, za mmisiri amene ankaganizira mphuno za anthu. Mnyamata wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati sosejiyo inali yokoma, kalasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka nawo. Tsiku limenelo ndinapeza anzanga odya nawo nkhomaliro.

Lero ndimajambula mapulani a zipatala. Ndisanalembe mzere uliwonse, ndimayamba ndakhala pabenchi pamodzi ndi odwala tsiku lathunthu. Ndazindikira kuti nyumba yabwino imayambira pofunsa munthu amene adzaigwiritse ntchito.