Injini ya dizilo ija

Bambo a Tiwonge, lero pamsika wa pa Boma ndamva galimoto yanu ikulira, mpaka ndatembenuka kuti ndikuoneni. Amayendetsa ndi munthu amene anaigula uja. Ndakumbuka tsiku lomwe munachotsa injini ya petulo n'kuikamo ya dizilo ya lole. Ndinakalipa kuti ikusokosa ngati chigayo. Inu munangoseka, manja ali bii ndi oyilo: "Anyina Tiwonge, iyi imakoka chomene. Matope a ku Edingeni sadzaigwira."

Munanena zoona, amuna anga. Tsiku la maliro anu galimoto zonse zinatitimira m'matopemo. Yanu yokha inadutsa, matayala onse anayi akukoka, inu muli kumbuyo m'bokosi. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti nayonso ititimire, ndikhale nanube pang'ono. Sinatitimire.