Kukhosi kwa Mayi Esime

Ku Chinengundu palibe amene sadziwa mawu a Mayi Esime. Anakhala zaka zambiri m'fakitale yoluka nsalu ku Kadoma, kumene ngakhale moni unkaperekedwa mofuula chifukwa cha phokoso la makina. Ntchito inatha kalekale, koma kukhosi kwawo uthengawo sunafike. M'masewero a kutchalitchi safuna chimkuzamawu.

Chimene chinkawadya mumtima ndi Learnmore, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene atakangana nawo anapita kukakumba golide m'maenje akale a ku Battlefields. Akamuimbira sankayankha. Akamva kuti dzenje lagumuka kwinakwake, nsima sinkatsika kukhosi.

Ndiye Tawanda, wojambula masewero a mawu okhaokha amene okumba golide amatumizirana pa foni, atafuna wodziwa Chichewa woti akhale mayi wochonderera mwana wake, Esime sanadikire kupemphedwa kawiri. Ankati mwina sewerolo likafika m'khutu la Learnmore.

Tsiku lojambula anatsegula kukhosi monga mwa masiku onse. Tawanda atawamvetsera pa kafoni kake, zinangomveka ngati miyala m'chitini.

"Amai, kuno si kutchalitchi," anatero Tawanda. "Anyamatawa amagunditsa foni kukhutu. Mukafuula kasipika kamangotetera, iwo n'kuzimitsa. Zikakanika ndiitana mayi wina, Roselyn, adzatenge malo anu."

Thukuta linawatsika. Anayesanso, koma zinali zomwezo. Anachita mantha zedi, poti kulankhula motsitsa sankakudziwa, ndipo malowo akawalanda analibenso njira ina yomufikira mwanayo.

Tawanda anasendeza maikolofoni mpaka pafupi ndi milomo yawo. "Yerekezani kuti ili ndi khutu la mwana wanu," anatero. "Musafuule. Ali pompano."

Esime anayesanso. Mawu atatuluka anali aang'ono, onjenjemera. "Mwanawe, tuluka m'dzenjemo. Ndalama zidzapezeka. Ine ndikuopa."

Sewero linatumizidwa, ndipo kwa masabata angapo kunali zii. Esime ankagulitsa tomato pamsika foni ili m'manja, kuopa kuti ingalire ili m'chikwama.

Tsiku lina inaliradi. Anali Learnmore, ndi Chichewa chake chothyokathyoka.

"Amai, ndinu muli m'sewero lija? Ndamvetsera kambirimbiri. Ine ndinkangoti mumakwiya. Sindinkadziwa kuti mumaopa."

Esime anakoka mpweya wambiri, woti afuule msika wonse umve. Kenaka anaubweza pang'onopang'ono, n'kusendeza foni pakamwa.

"Wadya, mwanangu?"