Alamu Anga Okoka Chidole

Anthu akamva kuti alamu anga amagwira ntchito ku yunivesite amayesa kuti amavala tayi. Bodza. Kale ankakankha ngolo mumsika, lero amakoka chidole. Kuseri kwa nyumba ya mainjiniya kuli bwalo la phula lojambulidwa mizere ngati msewu, kumene amayesera galimoto yoyenda yopanda dalaivala. Chidolecho n'chachitali ngati munthu, chili pa timatayala. Galimoto ikamabwera, alamu amachikoka ndi chingwe kuti chiwoloke, ndipo galimotoyo imayenera kuchiona n'kuima yokha. Ophunzira amawatcha a Chingwe. Wina atawaitana choncho ine ndilipo, ndinamufunsa ngati bambo ake kunyumba amawatcha a Ndowa. Alamu anachita kundikoka malaya.

Munthuyu matenda ake ndi amodzi: chisoni. Nkhuku kwawo zimafa ndi ukalamba. Mayi wotsogolera kafukufukuyu, a Dokotala, galimoto ikagunda chidole ankakhala pansi pomwepo, kompyuta pamiyendo, chakudya chamasana osachikhudza. Alamu zinkawadya mumtima. Ndiye akaona kuti galimoto yachedwa kumanga mabuleki, ankafewetsa dzanja pang'ono, chidole n'kutsalira, osafika pomwe matayala akaimire. Ophunzira m'manja phaphapha. Maso onse anali pa kompyuta. Ndani angayang'ane dzanja la wokoka chingwe?

Anandiululira izi pakhonde, monong'ona, mlongo wanga akusita m'nyumba. Kunali kubwera alendo odzaona galimotoyo, ndipo akuluakulu anagamula kuti chidole n'chochititsa manyazi, awoloke munthu wamoyo. Munthu wake anali alamu.

Ndinalalata mpaka agalu a aneba anandiyankha. Ndinawauza alamu kuti mawa lomwe akanene zoona kwa a Dokotala, apo ayi ndikanena ndine, ndipo ine sindigogoda polowa mu ofesi. Mlongo wanga sakhala wamasiye chifukwa cha zithunzi za anthu ena. Alamu anapitadi. Akuti a Dokotala anamvetsera nkhope itauma gwa, kenako anati alendo aitanidwa kale, koma achepetsa liwiro.

Tsikulo ndinakaima kunja kwa mpanda wa waya, poti mlonda anandikaniza kulowa. Galimoto ija ilibe phokoso, abale. Imabwera mwakachetechete, kachinthu kapadenga kakuzungulira, chiwongolero chikudzipotokola chokha, mpando wa dalaivala uli mbee, wopanda munthu. Alamu anatsika m'mbali mwa msewu, manja ali lende, n'kuyamba kuwoloka. Ndinagwira waya mpaka anandicheka zala.

Inaima. Alendo anaomba m'manja, mafoni m'mwamba. A Dokotala okha anayang'ana pansi.

Pobwerera ine ndi alamu tinayenda wapansi mpaka pamphambano ya kusukulu ya pulaimale.

"Alamu, sekaniko. Nanga si yaima?"

"Yaima pomwe ndikanakhala ine. Ndinabweza phazi."

"Mwawauza?"

"A Dokotala aona okha. Koma alendo akondwa, alamu. Akuti mwezi wamawa ituluka m'bwalo muja, iyambe kuyenda msewu uno."

Ndinatukwana mokweza, mayi wogulitsa nthochi n'kunditembenukira. Belu la kusukulu linali litangolira. Ana anatuluka pageti akukankhana, zikwama zikuwamenya kumsana, n'kukhamukira pamsewu osayang'ana uku kapena uku. Dalaivala wa minibasi anawaimira, mutu uli pawindo, akuwakalipira mmodzimmodzi.