A Atumani ndi Thanki Yosowa Mpweya

A Atumani a ku Lungwena anasiya usodzi bondo litayamba kuwavuta. Mng'ono wawo wogwira ntchito ku Joni anakumbitsa chitsime pakhomo, n'kutumiza pampu yamagetsi ndi thanki yachitsulo, zonse n'kuzisiya m'manja mwawo. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inakhala ya khutu. Pampu ikakhala bwino imalira kanthawi, kenako n'kupuma.

Chilimwe chathachi inasiya kupuma. Munthu akangotsegula mpope, yayaka, yazima, yayaka, yazima, ngati wodwala mphumu. A Atumani anagogoda thanki kuyambira pansi mpaka pamwamba, paliponse madzi okhaokha. Chonsecho kumtunda kwake kumafunika mpweya, ndiwo umakankha madzi kuti pampu ipumeko. Mpweyawo ukatha, mota imapsa. Ikapsa ndiye basi, ana abwerere kukatunga kunyanja kuli ng'ona kuja, mpaka mwini wake adzabwere.

Mankhwala ake anali amodzi: kuzimitsa pampu ndi kukhuthula madzi onse kuti mpweya ulowe. Koma Nadia, mkazi wa mng'ono wawoyo, anakulira ku Katuli kotunga madzi kutali. Anaima pampope manja ali m'chiuno.

"Alamu, madzi abwinobwino kutayira pansi? Mwadya chiyani lero?"

"Thankiyi yakhuta, alamu. Ngakhale inu mukakhutitsa simupuma bwino."

"Ikhute! Yanjala ndiye yabwino?"

A Atumani sanalimbane naye. Anakhala pakhonde akusisita bondo, pampu ikubanika kuseri. Mumtima ankaona kuti mayiyu sakulakwa. Amene anasenzapo ndowa kuchokera kudambo sangaonerere madzi akulowa mumchenga.

Linali Lachisanu, tsiku limene Asilamu amakonda kupereka sadaka, mphatso yothandiza anzawo. Anadzuka n'kuyamba kutsimphina khomo ndi khomo. "Amayi, kwathu a Nadia akupereka sadaka ya madzi lero. Bwerani ndi zigubu."

Posakhalitsa pabwalo panadzaza azimayi, aliyense akuti, "Mulungu akudalitseni, a Nadia." Nadia anayang'ana alamu akewo ndi diso lakuthwa, koma sadaka ndani angaibweze anthu atafika kale? Anatsegula yekha mpope. A Atumani anazimitsa pampu, zigubu n'kumadzaza, mpaka thanki inakoka mpweya kuti fyoo. Atatseka n'kuyatsanso, pampu inalira bwinobwino n'kukhala chete.

Anthu atabalalika, Nadia anawapatsa tiyi osawayang'ana.

"Ulendo wina muzindiuziratu," anatero. "Andipeza ndavala chitenje chong'ambika."