Funso la Woolotsa

Ndinavomera zopita ku Lusaka chifukwa sindinkadziwa kukana aphunzitsi. Mayeso anga anatuluka ndi Chingerezi chabwino, masamu atandigwetsa. Aphunzitsi anati ali ndi mnzawo ku Kabwata, Ba Mulenga, amene akufuna mnyamata wosalakwitsa kalembedwe ka mawu kuti azitaipa makalata m'shopu yawo. Ndinati, "Zikomo aphunzitsi," ndisanafunse n'komwe amayi.

Kwathu ndi kufupi ndi Chadiza, m'mudzi mwa amayi. Atate anali mkamwini. Anabwera okha ali mnyamata kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, nagwira ntchito m'minda ya fodya, nakwatira. Ankakonza njinga pakhonde, ndipo tsiku lonse limatha atalankhula mawu osakwana khumi. Za kwawo sankazitchula. Ife ana tinkangodziwa kuti ndi kuseri kwa phiri.

Tsiku lonyamuka atate anandikweza pa njinga mpaka kumsewu waukulu. Basi itaima, anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo.

"Fanuelo, pali mawu. Kwathu ine, kumene ndinabadwira..."

"Iwe mfana, ukwela olo sukwela?" anakuwa kondakitala akumenya chitseko.

Ndinachita mantha kuti ndikuchedwetsa anthu. Ndinati, "Atate, tidzakamba ndikabwera pa Khirisimasi."

Anandisiya dzanja. "Chabwino. Mawu sathawa."

Ba Mulenga anali Mubemba wa ku Kopala, kumigodi ya kopa. Kampani ya boma imene ankagwirako itagulitsidwa, anatsegula shopu ndi ndalama zimene anawapatsa powachotsa. Tinkataipa makalata ofunsira ntchito, ndipo ofuna ntchito anali ambiri zaka zimenezo. Ndinkagona m'kachipinda kosungiramo mapepala kuseri kwa shopu. Anthu a m'tauni ankaseka kalankhulidwe kanga. Mayi wina wogulitsa mandasi anandiuza kuti, "Iwe ukamba monga Baibulo." Kuyambira pamenepo ndinkatsegula pakamwa pokhapokha wina akandifunsa.

Ba Mulenga anali a Sabata, choncho Loweruka shopu inkatsekedwa. Limenelo linali tsiku lalitali. Ndinalibe woti ndikamuchezere. Pangodya panali kompyuta yakale yogulidwa ngati salaula, imene inabwera ndi bokosi la madisiketi a eni ake oyamba. Loweruka lina, posowa chochita, ndinalowetsa imodzi. Inali gemu.

Ana a lero akanaiona akanaseka. Mitundu inali yochepa, munthu wake anali wamng'ono ngati mtengo wa machesi, ndipo panalibe liwu lililonse. Chilichonse chofuna kuti achite unkachita kutaipa m'Chingerezi: tenga chingwe, tsegula chitseko, funsa mlonda. Ukaphonya chilembo chimodzi, inkakuyankha kuti siikumva. Siinkakuuza kolowera. Nkhani yake inali ya munthu wochoka kwawo kukafuna belu la mudzi limene linabedwa. Poyambira penipeni panali nyumba, ndipo pakhomo panakhala mkulu wina. Ine ndinamudutsa. Ndinali pachangu chofuna kuona zakutsogolo.

Gemu imeneyo inandikonda mmene anthu a m'tauni sanandikondere. Inkafuna munthu wofatsa, wosamala zilembo, ndipo ndinali ndi dikishonale imene aphunzitsi anandipatsa. Ndinagula kope, ndikujambulamo njira zonse ndi kulemba mawu amene ndayesa. Ndikakanika ndinkayesa liwu lililonse limene ndikulidziwa, limodzilimodzi, mpaka chitseko chitseguke. Chikatseguka ndinkaomba m'manja ndekha m'shopu yotseka.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri ndinafika pamtsinje womaliza. Belu linkaoneka tsidya lina. Panali munthu woolotsa ndi bwato lake, ndipo anafunsa funso limodzi: dzina la mkulu amene ndinamusiya pakhomo. Ndinayesa maina onse a m'dikishonale, ndinayesa a m'Baibulo. Kubwerera kunali kosatheka chifukwa mlatho wa m'mbuyo unali utagwa m'nkhanimo. Malo osungira pamene wafika anali amodzi okha, ndipo ndinali nditasungapo pamtsinjepo. Nditati ndiyambirenso, disiketi yoyamba inakana kuwerengeka. Inali itafa ndi ukalamba. Miyezi yonseyo ndinali nditaluza kale pa tsiku loyamba, koma gemuyo sinandiuze.

Kumudzi ndinkatumiza ndalama kudzera mwa dalaivala wa basi. Pambuyo pake mwini golosale wa kumsewu kwathu anagula foni ya m'manja, ndiye Lamlungu lina lililonse ndinkaimba. Amayi ankalankhula za nkhuku, za mvula, za amene wakwatiwa. Atate akapatsidwa foni ankangoti, "Uli bwino? Gwira ntchito."

"Atate, nanga mawu aja?"

"Si a pa foni. Pano pali anthu. Ubwere."

Khirisimasi yoyamba itayandikira ndinapempha tchuthi. Ba Mulenga anati, pondiitana mwa Chibemba monga mwana wawo, "Mwaiche, Disemba ndiye bizinesi. Uzayenda pa Isitala." Ndinati, "Palibe vuto, ba bosi." Pa Isitala anati kuli makalata a masukulu. Ndinatinso palibe vuto. Zinatero zaka zinayi. Sindikufuna kuwanamizira nkhanza. Anali munthu wabwino, ankandigulira nsapato ndi kunditengera kwawo kukadya. Ine ndinkapempha kamodzi, motsitsa mawu, ndipo akangokwinya nkhope pang'ono ndinkabweza pempholo ndekha.

M'chaka chachitatu mwana wawo Bwalya, wa msinkhu wanga, anamaliza koleji nawanyengerera kuti agule makina atsopano a magemu, a masidi, olumikiza ku wailesi yakanema. Shopu inadzaza ndi ana a anthu olemera a ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Nditaona gemu yatsopano koyamba ndinaiwala kumeza malovu. Anthu ake anali ndi nkhope, ankalankhula ndi mawu enieni, udzu unkagwedezeka ndi mphepo. Pamwamba panali kamuvi kolozera kopita. Ukaima nthawi yaitali, munthu wako ankadziuza yekha mokweza choyenera kuchita. Ukafa unkadzuka mapazi ochepa m'mbuyo. Gemuyo inkadzisungira yokha. Ndipo ukafuna kubwerera kumudzi kumene unayambira, unkangodina batani. Unkapeza aliyense ataima pamene unamusiya, akudikira kukuuza mawu omwe aja.

Ine ndi Bwalya tinkakangana za zimenezi pa nthawi ya chakudya chamasana. Ndi munthu yekhayo mu Lusaka amene ndinkalimbana naye mawu.

"Ija gemu yako ya ba shikulu, ya nthawi ya agogo, ni chilango, Fanwell," ankatero, akutchula dzina langa mwa Chingerezi. "Gemu ifunika kukuuza kwamene uyenda."

"Koma ikakuuza zonse, iwe wachitapo chiyani?"

"Nasangalala! Nanga iwe wachitapo chani? Miyezi seveni na dikishonale, wafika pa mumana, pa mtsinje uja, wankala pansi monga mbuzi yomangiwa."

"Yakale inkandiyesa munthu wanzeru."

"Inakunama, mudala. Inakusiya uyenda-yenda kansi unafa kudala, pa tsiku loyamba."

Ndinkaumirira kuti zakale n'zabwino, koma kunena zoona ndinayamba kukonda zatsopanozo. Zinali zachifundo. Sizinkasunga mlandu. Ukalakwa zinkakukhululukira nthawi yomweyo. Loweruka ndinasiya kuyatsa kompyuta ya pangodya ija. Ndipo mosazindikira ndinayamba kuganiza za kwathu ngati mudzi wa m'gemu yatsopano. Ndinkaona atate ali pakhonde ndi sipanala m'manja, mawu awo ali pakamwa, akudikira tsiku limene ndidzadine batani.

Foni inabwera Lachitatu m'mawa ndikutaipa kalata ya munthu. Anali amalume, alongo awo a amayi. "Fanuelo, bwera. Atate ako agwa."

Ndinapita kwa Ba Mulenga ndikukonza mawu opepesa m'mutima. Sanandilole kumaliza. "Nanga uimilila chani? Yenda lelo!" Anandipatsa ya basi, nandiperekeza okha pa galimoto mpaka kusiteshoni. M'basimo ndinalira, ndipo china chimene chinkandiliza chinali chakuti zinali zosavuta chonchi. Zaka zinayi, ndipo chinkangofunika n'kunena ndi mawu olimba.

Atate ndinawapeza pakhonde pomwe paja, pa mpando, atawatsamiritsa ku chipupa. Anali atachita sitiroko. Mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka. Zitsulo za njinga zinali mumphika wakale, zitayamba dzimbiri. Ndinagwada.

"Atate, ndabwera. Ndine Fanuelo. Mawu aja ndabwera kudzamva."

Anandizindikira. Anayesetsa mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma chinatuluka ndi kaphokoso kokha. Kenaka anakweza dzanja lamanzere, naloza kuseri kwa phiri. Analigwira m'mwamba mpaka linagwa lokha. Tsiku lililonse ndikakhala pafupi ankachita chimodzimodzi. Anandipatsa muvi, ngati wa m'magemu a Bwalya. Koma kuseri kwa phiri kuli dziko lonse, ndipo muvi wopanda dzina sufikitsa pakhomo la munthu.

Ndinachita chokhacho chimene ndinkachidziwa. Ndinakabwereka mapu kusukulu. Ndinapita kumsika kukafunsa ogulitsa amene amadutsa malire kuti anditchulire midzi ya tsidya lija. Ndinalemba maina onse m'kope langa lija, kumasamba otsala pambuyo pa njira za gemu. M'mawa uliwonse ndinkakhala pamphasa n'kumawerenga limodzilimodzi, ndikuyang'ana m'maso mwawo. Pa maina ambiri ankangotseka maso. Pa dzina lina anandifinya dzanja, ndinalemba mzere pansi pake. Patatha masiku awiri anandifinyanso pa dzina lina la mudzi wa kutali ndi woyambawo. Nditabwereza loyamba lija anangolira.

Amayi anatuluka m'nyumba nandilanda kope. "Basi, mwanawe. Ukuwazunza. Munthu si chitseko choti uzingoyesa makiyi."

Atate anamwalira patatha masabata atatu, m'mawa, amayi akuwapukuta kumaso.

Kwathu mkamwini saikidwa eni ake asanamve. Akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango kukonza za uthenga, ndipo amalume, monga mwini mbumba, anafunsa kumene atume anthu. Amene anaimira atate pa ukwati wawo anali mnzawo wa ku fodya, ndipo anamwalira kale. Amalume anatembenukira kwa ine.

"Fanuelo, iwe anakuperekeza okha ku basi. Atabwerako anandiuza kuti ali ndi mawu ako. Anakuuza kwawo?"

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinati, "Anayamba."

Tinawaika popanda m'bale wawo ndi mmodzi yemwe. Pamanda, pamalo oti alankhule a kuchimuna, mkulu wa mpingo anangoyambitsa nyimbo.

Maliro atatha ndinafunsa amayi kuti zinatheka bwanji kukhala ndi munthu zaka makumi atatu osadziwa kwawo. Anali akupeta chimanga, ndipo sanasiye.

"Ndinkafunsa. Ankati kulibe anthu, kunapsa. Koma tsiku lija atabwerako ku basi anakhala pakhondepo osagwira njinga. Anati, 'Mwana uja tsopano ndi mlendo ngati ine. Ameneyo ndiye angamve.' Khirisimasi iliyonse ankapita kumsewu kukaona mabasi."

Ndinakula ndikuyesa kuti mudzi uno ndi kwathu tonse. Sindinkadziwa kuti m'nyumba mwathu munali munthu amene ankakhala monga ndinkakhalira ine ku Kabwata, wolankhula pokhapokha akafunsidwa, wosafuna kuvutitsa eni malo. Anandidikira kuti ndilawe zimene iwo analawa, ndipo nditalawa sindinabwere.

Bwalya anandiimbira kudzapepesa. Pomaliza, pofuna kundiseketsa, anati kwabwera gemu ina yatsopano yoposa zonse, ndifulumire. Ndinamuuza kuti anawina mkangano uja, zatsopano n'zokoma kusewera. Sindinamuuze kuti yakale ija ndi imene inandichenjeza, ine osamva.

Mvula itatha ndinakonza njinga ya atate, ndinatenga kope, ndinapalasa mpaka kumalire. Ndinati ndikayambe ndi mudzi woyamba wa mzere pansi. Amayi anandiperekeza mpaka kumunda, ndipo pamenepo anandiuza chinthu china chimene ankaona ngati ndikuchidziwa. Dzina limene atate ankadziwika nalo, limene ine ndimalemba pa mapepala anga onse, anawapatsa ndi kapitawo wa ku fodya chifukwa analibe chitupa. La kwawo linali lina.

Ndinapitabe. Tsidya la malire, pa kamtsinje kodutsa ndi mapazi, ndinapeza bambo wachikulire akutsuka matumba. Ndinamulonjera, ndinamuonetsa maina awiri aja, ndinafotokoza zonse. Anamvetsera bwino. Anati midzi yonse iwiri akuidziwa, ndipo akhoza kundiperekeza, pakuti okalamba a nthawi ya nkhondo alipo ena. Anapukuta manja pa malaya, nandiyang'ana mokoma mtima.

"Palibe chovuta, mwana wanga. Tikafika tikafunsa. Bambo akowo, dzina lawo la kuno anali ndani?"