Mjigo Umene Anausanjika Manja

Chaka chimene ndinapeza kuponi koyamba, matumba awiri a feteleza ndinawaika kuchipinda kwanga, osati kunkhokwe. Nazale ya fodya inali itabiriwira kuseri kwa mjigo wathu ku Chulu. Mjigowo unali wokalamba. Unkafuna kupopa mpaka msana kuwawa, koma madzi unkatulutsa, ndipo mbande zanga zinkamwa m'mawa ndi madzulo.

Ndiye kunabwera mlongo wanga wamng'ono, amene ankaphunzira uinjiniya kukoleji, ndi anzake a gulu la mapemphero. Anadza pa lole, ndi masipika ndi jenereta, kudzalalikira matenanti a kuesiteti. Mtsogoleri wawo, mnyamata wovala tayi dzuwa lili pamutu, anandipeza ndikulimbana ndi mjigo.

"Mayi, chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa," iye anatero. "Mawa tikukonzerani."

Ndinalulutira, chitsiru ine.

M'mawa anazula mapaipi onse n'kuwayala pa udzu. Anayeza, anakangana m'Chingerezi, napeza kuti labala wa pansi watha. Watsopano analibe. Ndinawapempha kuti abwezeretse wakuthayo, azipita.

"Ayi alongo," anatero mlongo wanga, "ntchito yachigamba sitigwira ife. Kachitsulo kogwira labalayu tipita nako kutauni, tikapeze kofanana nako."

Jenereta itazima masana omwewo, anaimasula n'kuimanga msonkhano usanayambe. Koma mjigo anauzungulira, n'kuusanjika manja, n'kuimba nyimbo. Lole inanyamuka ndi kachitsulo kaja, mapaipi ali gone pa udzu.

Zimandiwawa mpaka lero. Amayi apakati ankapita kudambo ndi ndowa, kukalimbirana chithaphwi ndi ng'ombe. Ine ndinasenza madzi mpaka khosi kuuma, koma ndowa ya pamutu singathirire nazale mu Okutobala. Mbande zinafota, zinapsa, ndikuziona. Nditamuimbira foni, mlongo wanga anati ali pa mayeso, koma gulu lonse likusala kudya chifukwa cha ife. Ndinamuuza kuti adye, akhute, abweretse chitsulo.

Anabwera nacho mvula itagwa kale, anzanga atawokera. Feteleza uja ndinathira chimanga chokha, chaka cha fodya chinapita.

Mulungu sindinakangane naye, anazula mapaipi si Iye. Mlongo wanga pano ndi injiniya wamkulu, ndiponso mkulu wa mpingo. Akabwera kumudzi amafuna tiyambe ndi pemphero. Ine ndimamupatsa ndowa kaye.