Mwala umene abambo sanaugogode

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawanamiza abambo, bodza lake la liwu limodzi lokha.

Abambo ankanola makasu, zikwanje ndi nkhwangwa pamsika wa Mitundu. Anali ndi njinga yakale yokhomerera pathabwa. Akamapalasa, mwala wonolera unkazungulira, timoto n'kumathethekera m'miyendo mwawo. Mwala watsopano asanaumangirire, ankaukoleka pachala n'kuugogoda ndi mpini wa hamala. Wabwino umalira kuti ngwee ngati belu, wamng'alu umangoti phu. Ankati mwalawu umadya chitsulo koma sufuna kugwa, ndipo mng'alu wake suoneka ndi maso.

Chaka chimenecho mwala wakale unali utatha mvula ili pafupi. Ine ndinali kwa amalume ku Nathenje, ndipo pobwerera anandipatsira watsopano umene anawagulira abambo m'tauni. Nditatsika galimoto ndinausenza uli m'chitenje. Ine ndi matama anga, nditaona anzanga pakhonde la golosale, ndinachotsa dzanja kuti aone kuti ndimasenza osagwira. Unagwera pasimenti. Ndinaumasula n'kuuyang'anitsitsa, koma unalibe ndi kachipsera komwe.

Nditafika pamsika ndinapeza anthu ali pamzere ndi makasu awo. Abambo anaukoleka pachala, mpini ataukweza kale, n'kundifunsa:

"Esinati, sunaugwetse panjira?"

"Ayi."

Anamwetulira, n'kuika mpini pansi. Anauza anthu aja kuti mwana wawo sanama.

Ataumangirira, sanapalase nthawi yaitali. Mwala unaphulika ngati mfuti, chidutswa n'kuwalowa m'diso lakumanja. Ndimawaonabe atagwira kumaso, magazi akudutsa pakati pa zala. Kuchipatala anatuluka disolo palibe, ndipo kunola kunathera pomwepo. Anakalowa utenanti kuesiteti ya fodya, munthu amene anali ndi luso lake m'manja.

Aliyense wobwera kudzawazonda abambo ankamuuza kuti wolakwa ndi iwo eni, mmisiri wanji womangirira mwala osaugogoda. Ine ndinkamva ndili kuseri, ndikutsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndinkati ndiwauza mawa. Anamwalira ndili Fomu 3, mawa lakelo lisanafike.

Lero ndimakonza mainvata, makina osinthira magetsi a dzuwa. Kusukulu ya ntchito zamanja aphunzitsi anatiuza za silikoni kabaidi, amene amakhala m'tizipangizo tina tolamulira magetsi chifukwa amapirira kutentha. Anati miyala yambiri yonolera amapangiranso yemweyo, n'kutiyendetsera chidutswa kuti tigwire. Chitafika m'manja mwanga, chokhakhala chomwecho, ndinatuluka n'kukalirira kuseri kwa kalasi, mayi wamkuluwamkulu.

Zimandiwawa mpaka pano kuti anapita akudzitcha wosasamala. Zanditengera zaka kuti ndimvetse kuti tsiku lija abambo sanaiwale kuyesa ayi. Anayesa ine m'malo mwa mwala, ndipo ndinamveka wabwinobwino.